Mwendo Wina wa Eriyo Uli kwa a Sajeni

Kalatayo inafika Lachiwiri, itayenda masiku khumi ndi asanu ndi anayi kuchokera ku ofesi imene munthu wapansi amafikako mphindi makumi anayi zisanathe. Nambala ya fayilo inali yaitali kuposa uthenga wake. Uthengawo unali wakuti anthu ena, amene ofesi yoona za mafunde a mawailesi sinafune kuwatchula, adandaula za waya wa a Mawaya. Kuti Lachinayi la sabata yotsatira kudzabwera woyendera. Ndipo kuti madandaulowo akadzapezeka oona, mlongoti udzagwetsedwa, laisensi n'kulandidwa.

A Mawaya anaiwerenga kawiri ali chiimire, kenako n'kuyang'ana kumpanda. Ankadziwa kuti "anthu ena" amenewo ndi munthu mmodzi, wa ndevu zometa bwino, wokhala kuseri kwa mpandawo.

Dzina la Mawaya analitengera kuntchito. Anagwira zaka makumi atatu ndi zinayi kukampani ya matelefoni, akukwera mapolo ndi lamba m'chiuno, mpaka anthu atayamba kuyenda ndi matelefoni m'matumba, kampani n'kuwathokoza ndi wotchi ya pakhoma. Za wailesi yolankhulirana anaphunzira kwa injiniya wina wokalamba wa pakampanipo, amene anawasiyira wailesi yakufa ndi buku lopanda chikuto. Wailesiyo anaiukitsa. Mayeso a laisensi analemba okha m'holo ya anthu mazana awiri, oyang'anira atatu akuwazungulira kuopa kuti angaonere kwa mnzawo.

M'dera lonselo laisensi ya mtundu umenewu inali yawo yokha, ndiye chaka chilichonse akapita kokaiwonjezera makalaliki ankasowa powaika. Chaka china anawasunga m'fayilo ya amataxi. Chaka chinanso anawapeza pakati pa sitima zapamadzi. Iwo sankadandaula. Ankangodikira pabenchi mpaka chidindo chitagwa, n'kubwerera kwawo ndi pepalalo m'thumba la pamtima, ndipo anachita zimenezi zaka makumi atatu ndi chimodzi osaphonya.

Chipinda cha wailesi chinali chimene womanga nyumba anati chidzakhala sitolo. Patebulo panali wailesiyo, bokosi lochepetsa mphamvu ya magetsi, batire ya galimoto ya tsiku la mdima, maikolofoni, buku lolembamo aliyense amene alankhula naye monga lamulo limafunira, ndi kamita kamodzi ka singano kamene ankakakhulupirira kuposa dokotala. Kamitaka kamaonetsa ngati mphamvu yochoka m'wailesi ikutuluka yonse kupita kumwamba kapena ina ikubwerera. Singano ikagona, zonse zili bwino. Ikadzuka, ndiye kuti eriyo ikukana katundu, mphamvu ikubwerera kwa mwini wake, wailesi ikutentha.

Panja panali mlongoti wa mapaipi amadzi atatu olumikiza, womangidwa ndi zingwe mbali zitatu. Pamwamba pake pankachoka mawaya awiri amkuwa, wina kupita kum'mawa wina kumadzulo, ndipo a Mawaya ankawatchula kuti miyendo ya eriyo. Mwendo uliwonse unali mamita khumi ndi kachidutswa, kumapeto kwake kuli kadongo koumba ngati dzira kotchinga mphamvu, kenako chingwe wamba chokokera. Lamulo lake n'lachidule, ndipo ankauza aliyense amene walakwitsa n'kufunsa: miyendo ikhale yofanana. Ukadula chala chimodzi uku, dula chala chimodzi uko.

Vuto linali lakuti poloti yawo inali yaifupi. Mwendo wa kum'mawa unkathera pamtengo wawo wa mango, koma wa kumadzulo unkadumpha mpanda, kudutsa pamwamba pa khitchini ya aneba, n'kukathera pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba yawo. Mwini nyumba wakale, mphunzitsi wa masamu, anavomera ndi pakamwa, mpaka anagwirira makwerero tsiku limene a Mawaya anakhoma kagudumu mumtengomo kuti wayawo uzitha kutsitsidwa ndi chingwe ukafuna kukonzedwa. Mphunzitsiyo anagulitsa nyumba. Anagula ndi a Sajeni.

A Sajeni anapuma kupolisi, koma maso awo sanalandire kalata yopuma. Sabata yoyamba anawonjezera mizere inayi ya njerwa pampanda. Sabata yachiwiri anagula kope. Wayawo sanauchotse, chifukwa wapolisi wodziwa ntchito sachotsa umboni. Ankangolemba. Analemba kuti tsiku lililonse 9 koloko m'mawa munthuyu amatsekera chitseko n'kuyamba kutchula zilembo ndi manambala. Analemba kuti amalandira makadi ochokera kumayiko akunja opanda moni, opanda za ana, ongolembedwa tsiku, nthawi ndi manambala awiri. Wa positi anawaonetsa makadiwo mwakufuna kwake, poti nayenso zinkamusowetsa mtendere. Amuna awiriwo anakhala zaka ziwiri akupatsana moni wa pamphuno.

Kenako singano inayamba kudzuka.

Sinkadzuka tsiku lililonse. Inkadzuka Lolemba ndi Lachisanu, m'mawa, ndipo pofika madzulo inkagonanso. A Mawaya anasintha chingwe chochokera kumlongoti. Anawotchereranso polumikizira ponse. Anakumba pachitsulo chokhomera m'nthaka, n'kuthirapo madzi. Lachisanu singano inadzuka ngati yaitanidwa. Atatuluka panja anaona kuti mwendo wa kumadzulo wagwa pang'ono, ngati kuti kuseri kwa khitchini ya aneba chinachake chikuukoka.

"Amayi," anatero kwa akazi awo, amene ankasita malaya pakhonde, "munthu uja wandiika chida pa waya."

"Chida chanji?"

"Chomvetsera. Akufuna azimva zimene ndikulankhula."

"Inu zolankhula zanu zimene ine ndatopa nazo, wina n'kuchita kuzigulira chida?"

"Lolemba ndi Lachisanu. Munthu wa ndondomeko. Mwaiona ntchito ya apolisi?"

"Bwanji osangopita kukafunsa, bambo? Geti lake ndi ilo."

"Ndikafunse? Kuti adziwe kuti ndadziwa?"

Akazi awo anatembenuza malaya n'kupitiriza kusita.

Kamita kankasonyeza kuti masiku amenewo waya ukukhala ngati watalika. Buku lopanda chikuto lija limati waya ukatalika, mudule. Limanenanso kuti mudule mbali zonse ziwiri, koma mbali inayo inali m'manja mwa adani. Lolemba lina a Mawaya anatsitsa mwendo wa kumango, n'kudula chikhatho chimodzi. Singano inatsikako. Lachisanu anadulanso, Lolemba linalo anadulanso, akumwetulira ngati munthu amene wapambana mdani osatuluka pageti. Koma Lachiwiri, tsiku limene kale linali lamtendere, singano inadzuka. Lachitatu chimodzimodzi. Tsopano eriyo inali yotsimphina sabata yonse, mwendo wina wautali wina waufupi, ndipo mphamvu imene inkasowa kolowera inkatsika ndi chingwe n'kulowa m'mawaya a magetsi a m'nyumba.

Ndi sabata imeneyo pamene sipika ya a Sajeni inayamba kulankhula yokha. Ankamvetsera nyimbo zauzimu pabalaza, 9 koloko itangokwana, mwadzidzidzi m'kati mwa kwaya munalowa mawu a mwamuna, osamveka bwino, ngati bakha wolankhulira m'ndowa. Mawu ake sankamveka, koma kakhosomole kake ankakadziwa. A Sajeni anatenga cholembera, n'kulemba kalata ya masamba anayi.

Lachinayi lija a Mawaya anavala tayi kuyambira 7 koloko. Woyendera sanabwere, galimoto ya ofesi inali itapita kumsonkhano wokambirana za kusunga nthawi. Anabwera Lachisanu, 8 koloko itadutsa pang'ono, osachenjeza. Anali mayi wa zaka za m'ma makumi atatu, wa nsapato zafulati, atanyamula fomu ya masamba asanu ndi limodzi ndi kachikwama ka zida. A Mawaya anamuyang'ana nsapato mpaka kumutu n'kuganiza kuti ameneyu a Sajeni amudziwa. A Sajeni, amene anatulukira pageti lawo atavala jekete, anaona mayiyo akupatsidwa mpando kwa a Mawaya n'kuganiza kuti nkhaniyi yagulidwa kale.

"Madandaulo alipo atatu," anatero woyenderayo, amuna awiriwo ataima uku ndi uku. "Loyamba, lakuti bambowa ndi kazitape. Limenelo si la ofesi yathu."

"Ndi la ofesi iti, bwana?" anafunsa a Sajeni.

"Mukanadziwa ndinu, bambo. Lachiwiri, lakuti mlongoti umathamangitsa mvula. Limenelonso si lathu. Lachitatu, lakuti mawu awo akulowa m'zipangizo za eni ake. Limeneli ndiye ndabwerera. Likapezeka loona, mukudziwa zimene kalata yanena."

Anayamba ndi chipinda cha wailesi. Anawerenga laisensi, nambala ya wailesi, ndi buku lija tsamba ndi tsamba, ndipo a Mawaya anaona kuti mayiyu amadziwa mbali yoyang'anira kamita, zimene zinawaopsa kuposa akanakhala mbuli. 9 koloko itakwana anawauza kuti ayatse n'kuwerenga manambala kuyambira wani mpaka teni, iye n'kupita kukakhala pabalaza pa a Sajeni. Bakha uja analankhula m'sipika kakhumi. A Sajeni anaimirira n'kuloza sipikayo ndi manja awiri, ngati munthu amene wagwira wakuba pamaso pa woweruza.

"Mwamva nokha, bwana. Zaka ziwiri ndikunena."

"Ndamva. Ndime yachisanu ndi chiwiri ikuti ndione mapeto onse a eriyo ndi maso anga. Mbali inayo ili kuti?"

"Kuseri kwanga kuno. Sindinakhudze. Ndinasiya mmene ndinapezera."

"Aitaneni eni ake, azime kaye wailesi."

Umu ndi mmene a Mawaya analowera pageti la a Sajeni koyamba chichokereni mphunzitsi uja. Ankayenda akuyang'ana m'makona, kufunafuna chida. Atakhota pakhitchini anachiona. Pa mwendo wa kumadzulo, kuyambira pakadongo kaja mpaka pafupi ndi denga, panali mabulangete awiri onyowa, nsalu za pabedi, matawulo, ndi buluku la a Sajeni likudontha madzi m'miyendo yonse. Mayi Sajeni anali chowerama pabeseni, akufinya siketi.



"Amayi," anatero a Sajeni ndi mawu a kuntchito, "ichi n'chiyani?"

"Zochapa. Lero si Lachisanu?"

"Pa umboni?"

"Umboni wake uti? Ine ndinapeza waya wabwino, wosachita dzimbiri, uli ndi kagudumu kake kotsitsira. Chingwe chimene munandigulira inu chija chinaduka mwezi womwewo. Ndinakuuzani kangati? Munkati mukulemba."

Woyenderayo anafunsa ngati wayawo sunawapwetekepo.

"Unandiluma kamodzi, apa," anatero Mayi Sajeni akuonetsa kachipsera pachala. "Ndiye ndinawafunsa anzangawa pampanda, anandiuza kuti umaluma 9 koloko abambo akayatsa. Chiyambire ndimayanika nthawi isanakwane, n'kudzaanula madzulo."

A Mawaya anatembenuka. Akazi awo anali atawatsatira, ataima pakona ya khitchini manja ali m'chiuno.

"Amayi, inu mumadziwa?"

"Inu mumafunafuna chida. Bulangete ndi chida?"

Woyenderayo anafotokozera a Sajeni modekha kuti nsalu yonyowa ikakhala pa eriyo, wailesi imaona ngati waya watalika, ndipo mapeto a waya wotere amatha kuwotcha munthu kwambiri kuposa kachipsera kaja. Analemba mzere umodzi pafomu, n'kupempha kuti zovala zichotsedwe, waya ukokedwe mmene unalili, ayesenso. A Sajeni ananyamula okha buluku lawo, nkhope ili gwa. Zinkaoneka kuti mlandu watembenuka, wodandaula wasanduka wolakwa, ndipo akazi awiriwo anali atayamba kale kuseka.

A Mawaya okha ndi amene sankaseka. Ankadziwa zimene singano ichite, ndiponso zimene sipika inene. Akanatha kuchepetsa mphamvu ya wailesi mwakachetechete, poti kachotembenuzira kake kanali pansi pa chala chawo ndipo woyendera akanakhala kutsidya kwa mpanda. Anaganizapo njira yonse yobwerera kugeti. Atafika pageti anaima.

"Mayi, musavutike n'kuyesa. Ilankhulanso."

"Chifukwa?"

"Tengani tepi mukayeze mwendo wa kumango."

Anayeza. Wa kumadzulo unali mamita khumi ndi kachidutswa kake. Wa kumango unali utaperewera pafupifupi theka la mita.

"Anadula ndani?"

"Ine."

"Mbali imodzi?" Mayiyo anawayang'ana pamwamba pa fomu. "Bambo, inu a zaka makumi atatu ndi chimodzi?"

"Mbali inayo kunali apolisi."

"Mwamva, bwana?" analowerera a Sajeni, moyo utabwerera. "Wavomera yekha. Lembani kuti wavomera."

Woyenderayo anakhala pampando wa pakhonde n'kuyamba kutembenuza masamba. Fomuyo inali ndi bokosi la "dandaulo ndi loona" ndi bokosi la "dandaulo ndi labodza". Inalibe bokosi la mabulangete. Anawerenga mawu ang'onoang'ono a kumbuyo, amene mwina chisindikizireni palibe anali atawawerengapo, ndipo anapezamo njira. Vuto limene mwini wailesi waulula yekha, ndipo lingakonzeke, limapatsidwa masiku khumi ndi anayi laisensi isanakhudzidwe. Koma m'mawu omwewo anapezamonso china. Laisensi inkatchula poloti imodzi yokha, pamene eriyo inali pa mapoloti awiri.

"Ndiye pali njira ziwiri," anatero. "Bambo Sajeni asaine apa kuti akuvomereza kuti theka la eriyo likhale kwawo, ndipo kuti pasayanikidwenso kanthu. Apo ayi, wayawo uchoke."

Anatambasula cholembera. A Sajeni anabweza manja kumbuyo.

"Bwana, ine ndagwira ntchito zaka makumi atatu. Ndaona anthu ambiri akulowa m'mavuto, ndipo aliyense anayamba ndi kusaina."

"Ndi chilolezo chabe, bambo."

"Onse ankatero. Mawa zikadzaululika kuti ankalankhula ndi ndani, dzina langa lidzapezeke pansi pake? Ayi. Komanso wayawo usachoke. Ukachoka tidzaziona bwanji?"

"Osasaina, osachotsa. Bokosi limenelo palibe."

Analemba kuti wayawo uchoke, n'kupempha a Mawaya kuti asaine kuti amva. Iwo anasaina mwachangu ndi dzina lonse. Galimoto itanyamuka, a Sajeni anatseka geti lawo ndi loko, zimene zinatanthauza kuti mwini waya sangalowe kukamasula waya amene walamulidwa kumasula.

Loweruka m'mawa a Mawaya anakwera makwerero mbali yawo ya mpanda ndi pulayala, n'kudula mwendo wa kumadzulo pamalire penipeni. Mbali yotsalayo inagwera kwa aneba, ndipo masana omwewo inali itamangidwa kale pamsomali wa khitchini, matawulo ali ndandanda. Anagula waya watsopano, n'kuyeza miyendo iwiri yofanana pansi pakhonde, akazi awo atagwira mbali ina ya tepi n'kumawerenga manambala mokweza kuti, mwa mawu awo, pasadzapezeke wina wonamizira apolisi. Poti malo anali ochepa, mwendo wa kumadzulo unatsika kuchoka pamlongoti mpaka pakona ya mpanda, n'kukhota kutsata mpandawo kukathera pamwamba pa bafa. Buku silivomereza eriyo yokhota chotero, komanso silikana. Pansi pa nsonga ya mlongoti anakulunga chingwe chotsika chija kasanu ndi katatu ngati nkhata, kuti mphamvu isamatsikenso nacho. Zinawatengera masiku anayi, akukwera ndi kutsika, mpaka singano inagona. Mnzawo wa tsiku ndi tsiku, wokonza mawotchi wa m'tauni ina yakutali, anati akuwamva ndithu, koma mochepera kusiyana ndi kale. A Mawaya analemba nambala yotsikayo m'buku mmene inalili. Woyendera anabweranso pa tsiku la makumi awiri ndi chitatu, anakhala pabalaza pa a Sajeni mphindi khumi akumvetsera kwaya yopanda bakha, n'kudinda.

Patapita sabata, mutu wa a Sajeni unatulukira pamwamba pa mpanda. Anali ataponda ndowa.

"Aneba."

A Mawaya anayang'ana kumbuyo kuti aone amene akuitanidwa.

"Inu nomwe. Sipika yanga yangoti zii."

"Si zimene munkafuna?"

"Kale ndinkadziwa nthawi imene mwayamba ndi imene mwamaliza. Pano mukulankhulira pati?"

"Pomwe paja. Bwerani mawa 9 koloko mudzamve ndi makutu anu."

A Sajeni anati aganizira. Anaganizira masiku awiri, n'kubwera Lachitatu. Mpando anakana, tiyi anakana, anaima pakhomo pa kachipindako pamene ankatha kuona zenera ndi chitseko nthawi imodzi. Kwa theka la ola anamvetsera nkhalamba ziwiri zikuuzana kuti zikumvana bwanji, kuti kumeneko kwachita mitambo, ndi kuti bondo la wokonza mawotchi layambanso kutupa ngakhale akulipaka mankhwala aja. A Mawaya atazima wailesi anatembenuka ndi mpando.

"Mwamva, a Sajeni. Ndi zomwezo tsiku lililonse."

A Sajeni anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana maikolofoni.

"Mwakonzekera bwino," anatero. "Ndidzabweranso tsiku limene simukundiyembekezera."